Kodi ndimulande foni? Yankho kwa mayi amene mwana wake wamira m'nkhani zachikondi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, amene anapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Mayiyu akuti anakula akuwerenga mabuku a Mills & Boon, mabuku a nkhani zachikondi amene ankabwerekana mobisa ndi anzake ku sekondale yogonera komweko, ndipo mpaka lero akaona limodzi pa mulu wa mabuku ogulitsa m'mbali mwa msewu mtima umamukoka. Tsopano mwana wake wamkazi wa zaka 17 wayamba kuwerenga nkhani za mtundu womwewo pa foni mpaka pakati pa usiku. Atasuzumira pa foniyo tsiku lina, mayiyu anapeza kuti mwamuna wa m'nkhaniyo ndi mpondamatiki wansanje ndi waukali, amene amalondalonda mtsikana ndi kumuletsa kucheza ndi anzake, koma wolemba akumuonetsa ngati mwamuna wosiririka. Funso lake linali lakuti: "N'chifukwa chiyani mabuku amenewa amatikoka chonsecho tonse timadziwa mmene athere? Nanga mwanayu ndimuletse, kapena ndikhala wachinyengo popeza inenso ndinadzera momwemo?"

Mayi, ndathokoza kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndiyambe ndi kuulula kuti mabuku amenewa ndawawerenga ochuluka kuposa mmene ndingavomerere pamaso pa anzanga okonda mabuku amene amati ndi a anthu ophunzira. Yankho langa ndi lakuti foniyo musamulande, komanso nkhawa yanuyo musaitaye, chifukwa chimene mwaonacho n'chenicheni. Kungoti anthu ambiri akamadzudzula mabukuwa amaloza pamene palibe chilonda, n'kusiya pamene pakutuluka mafinya.

Onyoza amakonda kunena kuti ukawerenga limodzi ndiye kuti wawerenga onse, popeza awiriwo adzakumana, adzakangana, adzasiyana pang'ono, kenako adzagwirizana. Zimenezi n'zoona, koma si mlandu. Bungwe la olemba mabuku a mtunduwu ku America, la Romance Writers of America, lomwe linakhazikitsidwa mu 1980, limalongosola kuti buku limalowa m'gululi likakhala ndi zinthu ziwiri: chikondi chikhale msana wa nkhani yonse, ndipo mathero akhale okhutiritsa mtima ndi opatsa chiyembekezo. Ndiye kuti mathero abwinowo ndi pangano limene wolemba amachita ndi wowerenga buku lisanatsegulidwe n'komwe, ndipo wolemba amene wapha mmodzi wa awiriwo pa tsamba lomaliza amakhala kuti waphwanya panganolo. Kumbukirani mmene tinkakhalira pamoto madzulo, agogo akati "Padangokhala" ife n'kuvomera kuti "Tili tonse". Panalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene ankakayika zoti Kalulu apulumuka ndipo Fisi achita manyazi, komabe tinkatchera khutu mpaka nkhuni kutha, chifukwa chimene tinkafuna chinali kuona njira imene Kalulu adzere ulendo uno. Wowerenga nkhani zachikondi naye amafuna njirayo, ndipo mtima wake umatha kulowa m'mavuto a anthu a m'bukumo mopanda mantha popeza akudziwa kuti sasiyidwa m'dzenje.

Kufanana kwa mabukuwa kulinso ndi mbiri yake ya malonda. Gerald Mills ndi Charles Boon anayambitsa kampani yawo ku London mu 1908, ndipo poyamba ankasindikiza mabuku a mitundu yosiyanasiyana, kufikira m'zaka za m'ma 1930 pamene anaona kuti ndalama zili mu nkhani zachikondi zimene amayi ankabwereka m'malaibulale olipira. Kampani ya Harlequin, yomwe inayamba ku Winnipeg m'dziko la Canada mu 1949, inayamba kusindikizanso mabuku awo kutsidya kwa nyanja, ndipo mu 1971 inagula Mills & Boon yonse; kuyambira 2014 onsewa ali m'manja mwa kampani yosindikiza mabuku ya HarperCollins. Mabuku amene inu munkabisa pansi pa pilo aja ankatuluka mwezi ndi mwezi, lililonse la masamba osafika 200, ndipo ankagawidwa m'magulu, ena a madokotala ndi anamwino, ena a nthawi zamakedzana, ena a anthu olemera a m'mizinda ya ku Ulaya. Wolemba ankapatsidwa malangizo a gulu limene akulembera, ndipo wogula nthawi zambiri ankasankha poona mtundu wa chikuto, osati dzina la wolemba. Ine zimenezi ndimaziyerekeza ndi chikombole choumbira njerwa. Chikombole chimapangitsa kuti njerwa zonse zifanane kukula, koma sichinena kanthu za dothi limene mwaikamo, ndipo tonse tikudziwa kuti mu uvuni umodzi mumatuluka njerwa zolira ngati chitsulo ndi zina zofumbutuka m'manja.

Tsono chimakoka amayi n'chiyani? Pofuna kuyankha funso lomweli, mphunzitsi wina wa ku yunivesite ku America, Janice Radway, anacheza ndi gulu la amayi okonda mabukuwa m'tauni ina imene anaipatsa dzina lobisa lakuti Smithton, ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1984. Ambiri mwa amayiwo anali apabanja, otanganidwa ndi kusamala amuna ndi ana tsiku lonse, ndipo anamuuza kuti kutsegula buku kunali ngati kutseka chitseko, kulengeza kuti ola ili ndi langa. Radway anaonanso kuti chimene amayiwo ankachikonda mwa mwamuna wa m'bukumo sichinali minofu kapena chuma chokha, koma kuti pamapeto pake amasamala mkaziyo, amamutchera khutu, ndipo amamuona ngati munthu wofunika kuposa china chilichonse. Mayi amene amapatsa aliyense chisamaliro koma iye osalandira, ankakachipeza m'buku. Ndikukhulupirira kuti mphunzitsi amene waima kutsogolo kwa ana ochuluka kuyambira m'mawa, n'kukafika kunyumba kukayamba za moto ndi ndiwo, safunika kumulongosolera zambiri pamenepa. Ndipo tisaiwale kuti mwa mitundu yonse ya mabuku ogulitsidwa kwambiri, uwu ndi umene umalembedwa makamaka ndi akazi, kulembera akazi, ndipo zofuna za mkazi ndi zimene zimayendetsa nkhani. Ndimakayikira kuti kunyozedwa kwake kwina kumachokera pomwepo, chifukwa sindinamvepo mwamuna akufunsidwa kuti afotokoze chifukwa chake amaonera mafilimu a nkhondo amene onse amathera pa kufa kwa chigawenga.

Zikombole zina ndimazikonda ndithu, ndipo ndikhoza kuziikira kumbuyo. Nkhani ya awiri amene amayamba ndi udani kenako n'kukondana imakoma chifukwa imalola mkazi kuonetsa lilime lake lonse, mkwiyo wake ndi nzeru zake, popanda kudzikongoletsa, ndipo mwamunayo amamukonda atamuona kale pa tsiku lake loipa. Nkhani ya chibwenzi chongonamizira, pamene awiri agwirizana kunamiza abale kapena akuntchito kuti ali pa ubwenzi, imakoma chifukwa wowerenga amaona choonadi iwo asanachione, ndipo amakhala ngati mlamu amene akuseka chamumtima pa khonde. Nkhani ya amene anasiyana kalekale n'kukumananso atakula imakhudza aliyense amene anadzifunsapo kuti zikanatha bwanji. Zikalembedwa ndi munthu waluso, nkhani zimenezi zimaphunzitsa kumvetsera, kupepesa, ndi kunena chimene ukufuna.

Zolakwika zina ndi zazing'ono ndipo zimangotopetsa. Pafupifupi buku lililonse limakhala ndi kusiyana kwa awiriwo kutatsala masamba ochepa, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chopepera, monga kuti mtsikana waona mwamunayo akukumbatira mkazi wina amene kenako zidziwika kuti ndi mlongo wake. Funso limodzi lokha likanathetsa zonse, koma wolemba amawatseka pakamwa kuti masamba akwane. Palinso mimba yobisidwa kwa zaka zisanu popanda chifukwa chomveka, ndi mtsikana amene sadziwa kuti ndi wokongola mpaka mwamuna atamuuza. Izi munthu amangopukusa mutu n'kupitiriza.

Chilonda chenicheni ndi chimene inu mwachiona pa foni ya mwana wanu, ndipo ndi chakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Buku limene akatswiri ambiri amalitenga ngati kholo la mtunduwu m'Chingerezi, lotchedwa Pamela, limene Samuel Richardson anasindikiza mu 1740, limanena za mtsikana wantchito wa zaka 15 amene bwana wake amamuvutitsa, amamutsekera m'nyumba yake ina ya kumudzi, ndi kuyesa kumugwirira. Mtsikanayo akana mpaka mapeto, bwanayo asintha mtima, ndipo mphotho ya mtsikanayo ndi kukwatiwa ndi munthu yemwe ankamuzunzayo. Ngakhale pa nthawiyo panali ena amene anaona kuti pali chokhota, moti chaka chotsatira panatuluka buku lolembedwa n'cholinga choseka nkhaniyi. Koma chikombolecho chinakhala. M'zaka za m'ma 1970 mabuku akuluakulu a nkhani zamakedzana amene anagulidwa kwambiri ku America kawirikawiri ankayamba ndi mwamuna kugwirira mkazi amene adzamukwatire pamapeto. Masiku ano osindikiza akuluakulu ambiri anasiya zimenezo, ndipo olemba ochuluka amasamala kuonetsa kuti awiriwo agwirizana, koma mwamuna wolamula uja sanachoke, anangosintha zovala. Mabuku atatu a wolemba E. L. James onena za mpondamatiki wolamula wotere, amene loyamba linatuluka mu 2011, anagulidwa makope oposa 100 miliyoni m'zaka zochepa, ndipo pambuyo pake msika unadzaza ndi anyamata a ndege zawozawo amene amatsatira foni ya mtsikana, kumusankhira zovala, ndi kugula kampani imene akugwirako ntchito kuti azimuyang'anira.

Mmene chinyengochi chimagwirira ntchito ndi motere. Wolemba amatenga khalidwe limene m'moyo weniweni limatchedwa nkhanza, n'kulikuta ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi chuma ndi maonekedwe, kuti kulondalonda kuoneke ngati chitetezo. Chachiwiri ndi bala la ubwana, pamene timauzidwa kuti mwamunayu anazunzidwa kapena anasiyidwa ndi mayi ake, kuti timumvere chisoni m'malo momuweruza. Chachitatu ndi kupepesa kwakukulu kwa pa mapeto, pamene amagwada pa bwalo la ndege misozi ili chuchuchu, ndipo masamba asanu a kulira amafafaniza masamba 300 a chipongwe. Phunziro limene limatsala mwa wowerenga wosakhwima ndi lakuti nsanje ndi muyeso wa chikondi, ndiponso kuti mkazi woleza mtima mokwanira akhoza kusandutsa chilombo kukhala mwanawankhosa. Apa ndi pamene ine ndimachita mantha, chifukwa phunziro limeneli silifika kwa ife ngati mlendo. Limakumana ndi mawu amene atsikana athu amamva kale kwa alangizi ena ndi azakhali ena, akuti banja ndi kupirira, akuti mwamuna ndi mwana, ndipo ena amafika ponena kuti kumenya ndi mankhwala a banja. Buku lochokera kunja ndi mwambo wopotoka wa kwathu zikagwirizana pa mfundo imodzi, mtsikana amaimva kuchokera mbali ziwiri. Chonsecho lamulo la ku Malawi la mu 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja silimangowerengera zibakera zokha, limatchulanso nkhanza za m'maganizo ndi za chuma, zomwe ndi zenizeni zimene mpondamatiki wa m'nkhani uja akuchita.

Pali nthano ina ya makolo imene imandibwerera nthawi zonse ndikaganiza za nkhaniyi. Namwali wokongola anakana anyamata onse a m'mudzi, n'kulola mlendo wotchena amene palibe ankadziwa kwawo. Mlongo wake wamng'ono anakakamira kuwatsatira, ndipo usiku, ena onse ali m'tulo, anaona mlamu wake akusanduka fisi ndi kuitana anzake kuti adzaone nyama imene ikunenepa. Mwanayo ndi amene anapeza njira yothawitsira mlongo wake. Tsono taonani zimene zili pa mafoni lero: gulu lalikulu la nkhani za pa intaneti ndi la amuna amene amasanduka mimbulu, ndipo mtsikana amauzidwa kuti chilengedwe chinamusankhira kale chilombocho, sangachikane. Makolo athu ankati ukazindikira kuti mwamuna wako ndi chilombo, imeneyo ndi nthawi yothawa. Nkhani za pa foni zikuti imeneyo ndi nthawi yoyamba kukondwa. Sindikunena kuti nthano ya makoloyo inalibe zake, chifukwa inkalanganso mtsikana chifukwa chosankha yekha, koma pa nkhani ya chikomekome cha nkhuyu inkaona patali.

Muyeneranso kudziwa kuti zimene mwana wanu akuwerenga si zofanana kwenikweni ndi zimene inu munkawerenga, ndipo chifukwa chake ndi ndalama. Buku la Mills & Boon linkadutsa m'manja mwa mkonzi, linali ndi malire a zimene lingaonetse, ndipo linkatha. Nkhani zambiri za pa foni zimagulitsidwa mutu umodziumodzi: mitu yoyamba ndi yaulere, kenako wowerenga amagula timakobidi ta pa pulogalamuyo kapena kuonera zotsatsa malonda kuti atsegule mutu wotsatira. Wolemba amapindula nkhani ikatalika, choncho imafika mitu mazanamazana, ndipo mutu uliwonse uyenera kuthera pa chinthu chodzidzimutsa. Chikondi chodekha sichingadzaze mitu yochuluka chotero, koma kubedwa, kuperekedwa, kumenyedwa ndi kukhululukirana kosatha zimadzaza. Ngakhale ku Amazon, kuyambira 2015 olemba a mu Kindle Unlimited, pulogalamu yake yowerengera mabuku pa intaneti, amalipidwa potengera masamba amene awerengedwa. Onjezanipo TikTok, pamene kuyambira cha m'ma 2020 mabuku akhala akutsatsidwa potchula zikombole zake zokha, moti olemba ena amayamba asankha zikombole zogulitsa kenako n'kufunafuna anthu oti awaikemo. Palinso gulu limene amalitcha dark romance, lomwe mwadala limaika zigawenga ndi oba anthu pa malo a wokondedwa. Akuluakulu amene amaliwerenga amadziwa kuti ndi maloto oopsa ongosewera nawo, monga mmene wina amakondera filimu yochititsa mantha, ndipo ine sindiwaweruza. Amayi a ku Smithton aja nawonso ankatha kusiyanitsa, ndipo ankataya mabuku amene mwamuna wake wachita nkhanza zopitirira. Koma iwo anali ndi zaka zambiri za moyo weniweni zoyezera nkhanizo, pamene mtsikana wa zaka 17 mwina alibe chibwenzi ndi chimodzi chomwe choti ayerekeze nacho, ndipo zikuto zamakono zojambulidwa ngati makatuni sizionetsa kuti m'katimo muli zolaula zochuluka bwanji.

Chilema china chimene chimandivuta ine monga wowerenga wa kuno ndi chakuti m'mabuku ambiriwa awiriwo amakhala ngati anagwa kuchokera kumwamba. Mulibe malume, mulibe ankhoswe, mulibe apongozi, mulibe mng'ono wofuna fizi, ndipo nkhani imathera pa tsiku la ukwati, pamene ife tikudziwa kuti m'pamene nkhani imayambira. Kwa zaka zambiri munalibenso anthu akuda, kupatula wantchito wotsegula chitseko, ndipo mkangano wa tsankho unagwedeza bungwe la olemba la ku America lija kumapeto kwa 2019 mpaka atsogoleri ake kutula pansi maudindo. N'chifukwa chake a msinkhu wathu timakumbukira mwachikondi mabuku a Pacesetters, amene Macmillan anayamba kutulutsa mu 1977, chifukwa m'menemo okondanawo ankakwera basi ku Lagos kapena ku Nairobi ndipo ankaopa makolo awo monga ife. Ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, amayi akhala akulemba nkhani zachikondi m'Chihausa kuyambira m'ma 1980, n'kumazigulitsa m'misika, ndipo m'nkhani zawo amalimbana ndi maukwati okakamiza, mitala ndi maphunziro a atsikana. Mu 2014 kampani ya Cassava Republic ya ku Nigeria komweko inayambitsa Ankara Press, n'cholinga chotulutsa nkhani zachikondi za akazi a mu Africa odziimira paokha ndi amuna osaopa mkazi wotero. Zitsanzo zimenezi zimandiuza kuti chikombole chomwecho chikhoza kulandira dothi lathu. Pa Facebook pali kale achinyamata amene akulemba nkhani zotsatizana m'Chichewa ndipo ali ndi owatsatira ambiri, ngakhale kuti ena mwa iwo angotenga mpondamatiki wa ku New York uja n'kumusamutsira ku Area 43 ndi nkhanza zake zonse.

Tsono pa za mwana wanuyo, mukamulanda foni adzawerengera pa foni ya mnzake, monga mmene inu munkachitira ndi tochi m'bulangete, ndipo mudzataya mwayi wodziwa zimene zikulowa m'mutu mwake. Muli ndi chida chimene makolo ambiri alibe, chakuti mtundu wa mabukuwu mumaudziwa ndipo mumaukonda. Muuzeni zimenezo poyera, mumupemphe akuuzeni nkhani imene ikumusangalatsa, ndipo muwerenge mitu ingapo. Mukatero mufunseni funso limene ine ndimayezera buku lililonse la mtunduwu: mwamunayu akanakhala wa kabaza wa pa siteji yathu, wopanda galimoto ndi suti, n'kumachita zomwezi, kukutsata kusukulu, kukulanda foni, kukuletsa kulankhula ndi anzako, ukanamutcha dzina lanji? Mufunsenso kuti pamene mwamunayo akuti wasintha, kodi taona masamba angati a kusinthako, ndipo wataya chiyani chake kuti mkaziyo apeze ufulu? Musamuyankhire, chifukwa atsikana a msinkhu umenewo amaona msanga akapatsidwa mpata, ndipo mwina mudzapeza kuti anaziona kale koma analibe womuuza. Pa zolaula muli ndi ufulu wonse woika malire monga kholo la mwana wosafika zaka 18, ndipo mumuuze chifukwa chake mosazungulira. Muonenso ngati pulogalamuyo ikudya ndalama za mayunitsi, komanso mugwirizane ola lozimitsa foni, popeza mitu ija inalukidwa mwadala kuti munthu asagone. Ndipo tsiku lina mukadutsa pa mulu wa mabuku uja, mugule awiri, limodzi la mwamuna waulemu ndi lina la wolusa, muwerenge mosinthana kenako mukangane za iwo pophika.